Mlandu Wopanda Mwini

Ulaliki wa pa Chikangawa. Mau ace: Yohane 9:1-7.

Okondedwa mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mau athu a lero anena za munthu uja anabadwa wosaona. Ophunzira pomuona anafuna kudziwa mwini mlandu, kaya ndiye mwini, kaya akumbala. Koma Yesu anakana zonse ziwiri, namcitira cifundo. Funso lomweli lamveka pakati pathu.

Mu Mpingo uno muli banja limene latilola kunena nkhani yao, koma maina sitichula. Atate ndiwo oceka matabwa m'nkhalango ya Viphya. Mwana wao wamwamuna anacedwa kuyenda, ndipo pofika zaka 5 anali kugwa kawirikawiri. Podzuka pansi anayamba wagwada, nakwera ndi manja pa maondo ndi pa nchafu zace. Popeza akatumba a ku miyendo anali akuru, ena anati ndi ulesi, ena ananong'ona za ufiti.

Amace anambereka kunka naye ku cipatala ca ku Mzimba, ndipo kumeneko anawatumiza ku Mzuzu. Adokotala anatenga mwazi kuyesa cinthu cochedwa CK, cimene cituruka m'minofu ikamaonongeka, ndipo cinapezeka cocuruka koposa. Pamenepo anatenganso mwazi wa mwana ndi wa amace, nautumiza kunja kwa dziko. Miyezi yakudikira inawawa koposa singano. Tinapemphera nao madzulo ambiri, ndipo amaiwo anaulula kuti sanadziwe copempha, pakuti analifuna yankho, naliopanso.

Yankho linadza: nthenda ya Duchenne. Dzinali ndi la sing'anga wa ku France, Guillaume Duchenne, amene anailongosola m'zaka za m'ma 1860. Mu 1986 anthu ophunzira ku Boston anapeza kambeu ka cibadwa kamene kalakwika, ndipo mu 1987 anadziwa nchito yace: ndiko kupanga dystrophin, imene igwiriziza minofu monga luzi ligwira phaso. Luzi likasowa, denga liphwasuka pang'onopang'ono, ngakhale mitengo iri yabwino.

Kambeuka kakhala pa cimene acicha X. Mkazi ali nazo ziwiri, ndipo cina cikalakwika cinzace cimcirikiza. Mwamuna ali naco cimodzi, cocokera kwa amace. Cifukwa cace nthendayi igwira anyamata, ngati mmodzi mwa 3,500 kufikira 5,000. Mai angathe kukhala nako wosadziwa, ali wamphamvu, alikulima ndi kusinja. Ndiponso mwa ana atatu odwala, ngati mmodzi amace alibe konse; kalakwika mwa mwanayo kokha.

Koma amai awa anapezeka nako. Tsono abale ena a mwamuna anayamba kunena za ng'ombe za lobola, kuti mkazi abwerere kwao. Taonani, abale, mtima wa munthu: mwazi unacotsa mlandu pa mfiti, ndipo ife tinafuna kuusenzetsa mai wolira! Kodi anasankha iye cimene analandira m'mimba ya amace? Kodi ife tinasankha msinkhu wathu, kapena maso athu? Tiyamika Mulungu kuti atate a mwana anakana, nanena pamaso pa akuru kuti amene anambereka mwanayo kunka ku Mzuzu sadzacoka pakhomo.

Sitikunyengani. Mankhwala akucotsa nthendayi sanapezeke. Ana ambiri aleka kuyenda pofika zaka ngati 12, ndipo pambuyo pace mtima ndi kupuma zifooka. Koma kudziwa sikuli cabe. Mankhwala ochedwa prednisolone acedwetsa kufooka. Kuongola miyendo masiku onse kuletsa mfundo kuuma. Mtima uyesedwa nthawi isanathe. Ndipo abale akazi a mai angathe kuyesedwa, kuti asayende mumdima. Banja ili laleka kutaya mbuzi kwa oombeza.

Tsono titani ife? Inu akubala, mukaona mwana alikudzuka motero, musacedwe kunka ku cipatala. Inu aphunzitsi, mwana wotere akafika mocedwa musamkwapule. Mumkhazike pafupi ndi khomo, nimumphunzitse kuwerenga monga anzace, nimuletse akumseka. Inu akuru a Mpingo, kumbukirani amuna anai aja a pa Marko 2, amene ananyamula mnzao pamphasa kufikira anaboola denga. Iwo sanakhale pansi kufunsana za makolo ace; yense anagwira ngondya yace. Pano tiri nao amisiri a matabwa ambiri. Kodi mpando wa mwana mmodzi udzatikanika?

Masiku a mwanayu tiwadziwa kuti ali owerengeka, koma athunso ali otero. Ambuye amene anakana kuchula wocimwa pa wosaona uja atipatse manja akunyamula, natseke pakamwa pathu pakuweruza. Amen.