Musagule Gemu Oweruza Asanalankhule

 Nkhani yanga ya lero iri ya masewera aja a pa kompyuta, ndi a pa makina olumikiza ku TV monga PlayStation ndi Xbox, amene anyamata athu amawacha magemu. Kapena wina mwa inu akulu-akulu ati mumtima mwace, "Ha, zimenezo n'za ana!" Komatu ndalama zogulira sizicokera m'thumba la mwana iai. Gemu imodzi yatsopano ya makampani akulu imagulidwa madola 60 kapena 70 a ku America, ndipo ali yense wodziwa mtengo wa dola pa Kwacha yathu adziwa kuti ndalama zotere munthu amazikhetsera thukuta masiku angapo. Enanso mwa inu muli ndi tizipinda m'komboni m'mene ana amalipira kuti asewere mpira wa pa TV, ndipo kwa inu gemu ndiye katundu wa malonda. Cotero n'coyenera kuti tonse tidziwe mwambo wina wa ogulitsa magemu, umene ukhoza kuthandiza wogula, ndiponso ukhoza kumgwetsa m'mbuna.

Munthu akafuna kugula njinga pa sitolo amayamba waigwira, nayesa mabuleki, nayang'ana cheni, napalasa pang'ono pabwalo. Akakhutira ndipo aturutsa ndalama. Gemu siitero. Imadza m'kabokosi komata, kapena imalowa m'makina podzera pa intaneti, ndipo ubwino wace kapena kuipa kwace kumadziwika ndalama zitapita kale. Cifukwa ca ici kuli anthu amene nchito yao ndiyo kusewera gemu isanafike pa malonda, ndi kulemba ciweruzo cao m'manyuzi, kapena kucilankhula pa YouTube, kuti wogula adziwe ngati iri yoyenera ndalama zace. Ambiri a iwo amapereka malikisi monga acitira mphunzitsi pa mayeso, wina 9 pa 10, wina 70 pa 100. Anthu amenewa m'nkhani ino ndiwacha oweruza.

Nanga gemu imene siinafike m'sitolo, iwo aitenga kuti? Apatsidwa ndi eni ace, ndiwo a kampani yoigulitsa, kawiri-kawiri kutatsala sabata limodzi kapena awiri. Koma mphatso iyi imadza ndi pangano. Wolandira abvomera kuti sadzaturutsa ciweruzo cace kufikira tsiku lakuti ndi ora lakuti, limene kampani yasankha. Pangano ili pa Cingelezi lichedwa embargo, koma ife tiliche ciletso. Si lamulo la Boma ai, ndi cimvano ca awiri okha; ndipo cilango cacikulu ca woliphwanya ndi cakuti kampaniyo siidzamtumiziranso gemu, anzace nadzalemba iye ali kungoyang'ana. Cikwapu cimeneci makampani ali naco ndithu. M'caka ca 2015 mkonzi wa nyuzi ya pa intaneti yochedwa Kotaku, Bambo Stephen Totilo, analemba poyera kuti makampani awiri akulu, Bethesda ndi Ubisoft, analeka kuwatumizira magemu ndi kuyankha mafunso ao. Mlandu wao unali wa kuulula nkhani zimene makampaniwo anafuna kubisa, koma oweruza onse anaonerapo cimene cicitikira munthu wokwiyitsa mwini katundu.

Tsono musaganize kuti ciletso ndi cinthu coipa mwa ico cokha. Makolo anati, liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi. Magemu akulu a masiku ano amatenga maora 50, ena kufikira 100, kuti munthu afike ku mapeto ace. Pa intaneti woyamba kulemba ndiye akoka owerenga ambiri, ndipo owerenga ndiwo abweretsa ndalama za otsatsa malonda. Pakadapanda tsiku limodzi loikika, woweruza ali yense akadathamanga kuti apose mnzace. Akadasewera maora atatu okha, nalemba usiku womwewo ngati munthu wodziwa zonse. Ciletso ciwapatsa mpata wa kusewera modekha, ndipo tsiku likakwana onse alankhula nthawi imodzi, kotero kuti wogula akhoza kulinganiza mau a uyu ndi mau a uyo. Ndiponso magemu ambiri ali ndi nthano m'kati mwao, ndipo n'cacilungamo kuti kampani ipemphe oweruza asaulule mathero a nthanoyo. Ndani akondwera ndi munthu womuuza mathero a filimu asanaione?

Bvuto lagona apa: wosankha tsiku ndi ora ndiye wogulitsa mwini wace. Ndipo wogulitsa adziwa zinthu ziwiri. Coyamba, ndalama zambiri za gemu zimalowa m'masiku oyamba, ndipo zina zimalowa gemu isanaturuke n'komwe, popeza makampani amanyengerera anthu kuti alipiriretu, powalonjeza timphatso monga cobvala kapena cida ca msilikali wa m'gemumo. Caciwiri, malikisi a oweruza ali ndi mphamvu. Pa intaneti pali malo ochedwa Metacritic, amene asonkhanitsa malikisi a manyuzi ambiri, nawasandutsa nambala imodzi pa 100. Kuti muone kulemera kwa nambala imeneyi, tamverani ici. Gemu yochedwa Fallout: New Vegas, ya m'caka ca 2010, inapangidwa ndi kampani ya Obsidian, ndipo panali pangano lakuti ikapeza 85 pa Metacritic opangawo adzalandira bonasi. Inapeza 84, ndipo bonasi sanaione. Anaulula zimenezi ndi mmodzi wa akulu a kampaniyo, Bambo Chris Avellone, mu 2012. Inu a ku migodi simusowa munthu wokufotokozerani kuwawa kwa bonasi yophonyeka ndi nambala imodzi. Tsono ngati malikisi ali ndi mphamvu yotere, wogulitsa amene adziwa kuti katundu wace ali ndi cirema amakhala pa mayesero akulu a kucedwetsa tsiku loti oweruza alankhule.

Taonani cimene cinacitika m'caka ca 2014. Kampani ya Ubisoft, imene likulu lace liri ku France, inaturutsa gemu ya Assassin's Creed Unity, ndipo nthano yace iri ya mzinda wa Paris pa nthawi ya kuukira kwakukulu kwa anthu a ku France kumene kunayamba mu 1789. Ku America gemuyi inayamba kugulitsidwa pakati pa usiku, tsiku la 11 Novembala litangoyamba, koma oweruza analetsedwa kulankhula kufikira 12 koloko masana pa nthawi ya ku New York. Maora 12 onsewo anthu anagula mumdima. Atafika nayo kunyumba anapeza zodabwitsa. Zithunzi zinali kuyenda motsimphina, anthu a m'gemu anali kumira pansi pakati pa mseu, ndipo ena nkhope zao zinasowa, kungotsala maso ndi mano ziri lende m'malere. Kumapeto kwa mwezi womwewo mkulu wa nthambi ya Ubisoft ku Montreal, Bambo Yannis Mallat, anapepesa, napereka kwaulere gawo loonjezera lochedwa Dead Kings. A Kotaku naonso analengeza kuti sadzabvomeranso ciletso cimene citha gemu itayamba kale kugulitsidwa.

Njira ina siiri pa tsiku, iri pa mau a m'panganomo. Mu 2008 kampani ya ku Japan yochedwa Konami inapempha oweruza a Metal Gear Solid 4 kuti asachule kutalika kwa zigawo zimene wosewera amangoonerera ngati filimu, ndipo magazini ya Electronic Gaming Monthly inakana kupereka malikisi pa pangano lotere. Koma citsanzo coposa zonse ndi ca Cyberpunk 2077, gemu ya kampani ya CD Projekt ya ku Warsaw m'dziko la Poland. Anthu anaiyembekeza zaka zambiri, ndipo okwana 8 miliyoni analipiriratu. Ciletso cinatha pa 7 Disembala 2020, kutatsala masiku atatu kuti malonda ayambe, ndipo poyang'ana tsiku lokha zonse zinaoneka zolongosoka. Komatu oweruza anapatsidwa gemu ya pa kompyuta yokha. Ya pa PlayStation 4 ndi Xbox One, makina a mu 2013 amene anali m'nyumba za anthu ambiri, sanapatsidwe. Ndiponso oweruza a pa YouTube sanaloledwe kuonetsa zithunzi zojambula okha posewera, koma zokhazo zimene kampani inawasankhira.

Malikisi oyamba pa Metacritic anali pafupi ndi 90. Pa 10 Disembala eni makina akale aja anatsegula gemu yao, napeza kuti zithunzi ziri mbuu, nyumba ndi magalimoto ziturukira mocedwa, ndipo gemu imazima yokha kawiri-kawiri. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere! Malikisi a pa PlayStation 4 atabwera pambuyo pace sanafike ndi 60 yomwe. Pa 14 Disembala kampani inapepesa poyera cifukwa cosaonetsa gemuyo pa makina akale isanaturuke, ndipo patapita masiku owerengeka Sony inaicotsa m'sitolo yace ya pa intaneti, nilonjeza kubwezera anthu ndalama zao. Inabwereramo m'mwezi wa Juni 2021. Koma cimene ndifuna musunge ndi ici: mkangano usanakule kampaniyo inali itauza kale eni masheya ace kuti ndalama za olipiriratu zokha zinaposa zonse zimene inaononga popanga ndi potsatsa gemuyo. Ndalama zimenezo zinalowa wogula asanaone kanthu ndi maso ace.

Mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi, cotero timvenso mbali ya ogulitsa. M'mwezi wa Meyi 2016 Bethesda siinatumize gemu ya Doom kwa oweruza malonda asanayambe, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti iri ndi cirema. Koma itaturuka inapezeka yabwino, oweruza naitama kwambiri. Mu Okutobala caka comweco kampaniyo inalengeza kuti idzatumiza magemu ace kwa oweruza kutatsala tsiku limodzi lokha, ndipo inatero ndi Dishonored 2, ponena kuti ifuna onse ayambe kusewera nthawi imodzi. Alikonso magemu oseweredwa ndi anthu zikwi-zikwi pamodzi pa intaneti, ndipo gemu yotere siiweruzika bwino khamu lisanalowemo. Ndiponso makampani ambiri amakonzabe zolakwa kufikira tsiku lomariza, natumiza cigamba ca pa intaneti pa tsiku la malonda, kotero kuti cimene woweruza anasewera cikhoza kusiyana pang'ono ndi cimene inu mudzagula. Cifukwa cace ciletso cocedwa si umboni wakuti gemu njoipa. Tanthauzo lace ndi lakuti pa tsiku loyamba palibe mboni yoimira inu ogula, ndipo wopereka ndalama tsiku limenelo ali kuchova juga.

Tsono mwana wanu akadza nati, "Atate, ndilipirireniko lero, gemu ituruka sabata la mawa," kapena mtima wanu womwe ukakufulumizani, yambani mwafunsa mafunso anai. Loyamba, kodi ciletso citha liti? Tsiku lace kawiri-kawiri limalengezedwa m'manyuzi a magemu. Likakhala sabata lathunthu malonda asanayambe, kampani iri kuonetsa kuti siiopa maso a anthu; likakhala tsiku lomwelo la malonda, ndalama zikhale m'thumba. Laciwiri, kodi woweruza anasewera pa makina otani? Woweruza wokhulupirika amachula zimenezi, ndipo ngati anu ndi akale kuposa ace, ciweruzo cace sicinena za gemu imene mudzalandira inu. Lacitatu, kodi zithunzi zimene muli kuona anajambula ndani, woweruza kapena wogulitsa? Lacinai, kodi ndalama zibwezeka? Sitolo ya pa intaneti ya Steam, kuyambira mu 2015, imabweza ndalama ngati sipanapite masiku 14 ndipo simunasewere kupitirira maora awiri. Ya PlayStation iri ndi lamulo lolimba: mukayamba kukoperako gemu m'makina anu, kubweza kumabvuta pokha-pokha itapezeka yoonongeka. Ndipo kumbukirani mabandulo a intaneti. Cyberpunk 2077 inafuna malo okwana magigabaiti 70 pa kompyuta, ndipo ndalama za mabandulo palibe sitolo imene idzakubwezerani.

Ndisanatsirize ndikuuzeni mathero a Cyberpunk ija. Eni ace anagwira nchito zaka pafupi-fupi zitatu kuikonza, ndipo mu Seputembala 2023, pamene anaturutsa gawo loonjezera lochedwa Phantom Liberty, oweruza anaitama. Munthu amene anaugwira mtima anagula gemu yokonzeka, nthawi zambiri pa mtengo wotsika, pamene mnzace wothamanga analipira mtengo wonse pa katundu wopunduka. Gemu yogulidwa pa intaneti siitha m'sitolo monga umathera ufa kapena shuga, ndipo siiola ngati matimati. Imene iripo lero idzakhalapo sabata la mawa, ndipo pamenepo oweruza adzakhala atalankhula, ndi ogula oyamba atanena zao. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi yanga yatha. Inu amene muli kukonzekera shifiti ya usiku, muyende bwino. Ndi inu nonse a m'nyumba, tsalani bwino kufikira tidzamvananso sabata la mawa.