Kompyuta Ikakana Kutsegula Kaundula wa Alimi

Alimi anzanga, ndi inu mafumu athu okhala m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kuyambira ku Chisenga kufikira ku Wenya: Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa. Ndikamba za kaundula wa makalabu athu.

Makalabu ena a alimi asunga kaundula wawo m'kompyuta masiku ano: maina a mamembala, ngongole ya mbewu, matumba a chimanga ndi nyemba amene aliyense anapereka, ndi ndalama zimene ayembekezera kulandira. Ichi n'chabwino ndithu. Koma pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, chotero anthu ambiri anayamba kupita ndi makina awo kwa amisiri kuti awaikire Windows 11. Mlembi wa kalabu abwera nayo kompyuta kuchokera ku Boma, ikuoneka bwino, koma pofuna kutsegula kaundula ingoonetsa mawu a Chingerezi akuti "Access is denied", ndiko kunena kuti mulibe chilolezo. Pamenepo mlandu wabuka. Ena ati mlembi wadya ndalama za kalabu ndipo wabisa umboni, ndipo nkhani ifika pa bwalo la mfumu.

Tsono tamverani. Kawirikawiri kaundulayo sanatayike ayi. Alimo, koma watsekeredwa.

Inu mafumu mudzamva msanga chifukwa chake, pakuti ndi ntchito yanu ya masiku onse. Munda uliwonse m'mudzi uli ndi mwini wake. Wina aloledwa kungodutsamo popita kumadzi, wina wabwerekedwa kuti alime, koma woweruza za malire ndi mfumu. Momwemonso m'kompyuta. Fayilo iliyonse, ndiko kuti chikalata chilichonse chosungidwamo, chili ndi mwini wake, ndipo palembedwa amene angangowerenga ndi amene angasinthe zolembedwazo. Mfumu ya m'kompyuta imatchedwa Administrator.

Chimene chisokoneza anthu ndi ichi: kompyuta sidziwa munthu ndi dzina, imdziwa ndi nambala. Kumbukirani pamene tinalembetsa ziphaso za unzika m'chaka cha 2017. M'mudzi umodzi mungakhale a Kaonga awiri a dzina lofanana, koma nambala zawo n'zosiyana, ndipo wina sangagule feteleza wotsika mtengo ndi chiphaso cha mnzake. Mmisiri akachotsa Windows wakale n'kuika wina, amalembetsa mwini kompyuta kachiwiri. Ngakhale alembe dzina lomwe lija, makina apereka nambala yatsopano. Kaundula uja akali kuyembekeza nambala yakale, ndipo mlembi wa kalabu wasanduka mlendo pa munda wa iye mwini.

Kukonza kwake sikuvuta. Nthawi zina kompyuta ionetsa kabokosi kolembedwa "Continue", ndipo munthu amene walowa monga Administrator akadinapo, chitseko chitseguka. Chikakanabe, adine foda ya kaundulayo ndi batani la kumanja, asankhe Properties, kenaka Security, kenaka Advanced, ndipo pa mawu akuti Owner asinthe mwini wake, alembe wa tsopanoyu. Ndi monga mfumu iyenda m'malire n'kunena pamaso pa anthu kuti munda uwu ndi wa uje. Koma achite ichi pa foda ya kalabu yokha. Asalande umwini wa zonse za m'kompyuta, pakuti zina n'za Windows mwini, ndipo mukazigwira makina angaleke kuyenda bwino.

Pali mawu amodzi amene ndifuna muwaope, ndiwo akuti "fomati". Alipo amisiri ena aulesi, si onse ayi, amene akaona vuto lililonse ati tingoifomata. Kufomata ndiko kusesa zonse, monga kutentha nkhokwe chifukwa chitseko chakana kutseguka. Musavomere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Uzani mmisiri ayang'ane poyamba foda yotchedwa Windows.old, m'mene zinthu zakale zimasungidwa Windows akasinthidwa. Koma musazengereze, pakuti kawirikawiri makina amafufuta okha foda imeneyi pakapita masiku 10. Nthawi ya dzinja, pamene misewu yathu ivuta ndipo galimoto yopita ku Chitipa isowa, masiku 10 sachedwa kutha.

Pali loko wina woopsa koposa, wotchedwa BitLocker. Ameneyu si nkhani ya chilolezo. Amasokoneza zolembedwa zonse kuti wakuba asawerenge. Kiyi wake ndi manambala 48. Kompyuta ikafunsa manambala amenewa ndipo palibe anawasunga, ngakhale Administrator alibe mphamvu. Chotero funsani mmisiri ngati lokoyu alimo, ndipo ngati alimo, akulembereni manambalawo pa pepala.

Inu amene musunga zithunzi za malisiti m'foni, nkhani ndi yomweyi. Kuyambira pa Android 11 ya m'chaka cha 2020, foni imalanda yokha zilolezo za pulogalamu imene yakhala miyezi ingapo osagwiritsidwa ntchito. Lowani mu Settings, pezani pulogalamuyo, ndipo pa Permissions muipatsenso chilolezo. Zithunzi zanu zilipo.

Ndipo tsopano ndipempha inu mafumu. Mlandu wotere ukafika pa bwalo lanu, musafulumire kulipitsa mlembi mbuzi. Itanitsani kompyutayo, wina wodziwa Chingerezi awerenge mawu amene ikuonetsa. Ngati ikunena za permission kapena access, patsani kalabu masiku oti akonze. Mlembi wakuba alipo ndithu, ndipo kaundula akatseguka adzaoneka. Koma wosalakwa mukamchititsa manyazi pa gulu, mawa palibenso adzavomere kugwira ntchito imeneyi yopanda malipiro.

Uzaninso makalabu a m'midzi yanu kuti kompyuta isachoke kupita kwa mmisiri asanakopere kaundula pa fulashi, ndipo ayese fulashiyo pa kompyuta ina, aone ndi maso kuti ikutseguka. Mawu achinsinsi a Administrator asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Wapampando ndi msungichuma akhale nawo onse awiri. Buku lija la chikuto cholimba musalitaye. Pa tsiku logulitsa mbewu lembani m'buku ndi m'kompyuta momwe, ndipo mwini matumba asaine kapena adinde chala.

Amene kompyuta yawo yakana kale, musaipereke kwa munthu wina kuti ayesere. Izimitseni, muuze mlangizi wa dera lanu, ndipo popita kwa mmisiri pitani anthu awiri, mutatenga fulashi yopanda kanthu. Tsalani bwino.