Mawu athu kwa atsikana amene akuyamba chaka choyamba ku yunivesite

 Ife amene tikuyankhula ndife azichemwali anu, azakhali anu ndi amayi anu. Ena mwa ife tinadutsa m'makalasi omwewo, ena tinaperekeza ana athu mpaka pageti. Choyamba, tikuti mwachita bwino ndithu.

Mfundo yathu lero ndi imodzi. Malo amene mwapeza ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni, palibe amene anakupatsani ngati mphatso. Munalemba MSCE, munakhoza, bungwe la NCHE linatulutsa dzina lanu. Ngakhale lamulo la Gender Equality Act la 2013 limalamula boma kuyesetsa kuti m'sukulu zaukachenjede akazi kapena amuna asachepere 40 pa ophunzira 100 aliwonse. Ndiye mukafika, musayende ngati mlendo wopempha malo ogona. Malowo ndi anu. Chotsala n'kudziwa mmene mungawasungire, makamaka chaka choyambachi.

Tiyambe ndi m'kalasi. Ku sekondale kunali belu, kunali matironi, kunali nthawi yoikika yowerenga madzulo. Aphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi inu n'kumakopera. Kumene mukupitaku palibe adzakudzutseni m'mawa. Mukajomba kalasi, mwina palibe adzafunse n'komwe. Poyamba zimakoma, eti? Koma dziwani kuti maasayimenti ndi timayeso ta pakati pa semesita timawerengedwa pa malikisi anu omaliza. Amene amadikira sabata ya mayeso kuti ayambe kuwerenga ndi amene amalemba sapu, ndipo ena amauzidwa kuti abwerere kwawo. Sabata yoyamba yomweyo pezani ndandanda wa phunziro lililonse, lembani masiku operekera ntchito, dziwani kumene kuli laibulale ndi ofesi ya mkulu wa dipatimenti yanu.

Ndiye pali nkhani ya manyazi. Mudzakhala m'kalasi limodzi ndi anzanu ochokera ku sukulu zapamwamba, Chingerezi chili phwamwamwa, laputopu ili m'chikwama. Inu mwachokera ku CDSS, kompyuta mukuigwira koyamba. Mtima umayamba kunena kuti mwina ine ndasochera. Ayi, simunasochere. Mayeso a MSCE anali amodzi dziko lonse. Kwezani dzanja, funsani, ngakhale anyamata akumbuyo aseke. Paja safunsa anadya phula. Pezani anzanu atatu kapena anayi owerenga nawo, ndipo pa ntchito ya pagulu musalole kuti inu muzingokhala mlembi pamene anyamata akuyankhula kutsogolo.

Tsopano za m'thumba, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Amene mwapeza ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, kumbukirani kuti ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza. Ndalama ya m'manja ikangolowa, musayambe ndi nsapato. Yambani ndi lendi, ufa, nyemba, makala kapena magetsi, sopo, mapadi ndi bandulo ya intaneti. Mahositelo sakwanira aliyense, n'chifukwa chake ambiri amachita lendi kunja, ngati ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu. Musanalipire, kaoneni nyumbayo masana. Chitseko chili ndi loko? Bafa lili kuti? Njira yochokera ku laibulale usiku ndi yotani? Sonkhanani awiri kapena atatu, muziphika mphika umodzi. Nsima ya bonya kapena ya soya sinalepheretsepo munthu digiri.

Tikunena za ndalama mwadala, pakuti njala ya pakati pa mwezi amaidziwa ndi ena. Pageti pamaima magalimoto. Pali azibambo ena amene amadziwa bwino lomwe nthawi imene mtsikana wa chaka choyamba watha ufa. Palinso anyamata ena a zaka zapamwamba amene amathamangira kunyamula chikwama tsiku lofika, n'kulonjeza mapepala a mayeso akale, kenaka madzulo akuti bwera kuchipinda kwanga udzatenge. Si onse oipa ayi, ambiri amathandiza ndi mtima woyera. Koma thandizo lenileni limaperekedwa poyera, ndipo silibwera ndi bilu ya thupi lanu. Amene wakugulirani chipisi simumukongola kalikonse koposa zikomo. Mukafuna chibwenzi, chikhale chofuna inu, osati cha njala kapena cha mantha.

Nanga akakhala mphunzitsi amene akuti malikisi ako ali m'manja mwanga? Mvetserani bwino apa. Lamulo lomwe lija la 2013 limati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Musafufute mameseji. Lembani tsiku, nthawi ndi malo. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Kenaka pitani ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ya Dean of Students. Mukaona kuti nkhani ikukwiriridwa, kuli Malawi Human Rights Commission, kulinso Victim Support Unit ku polisi. Woopseza kuti amwaza zithunzi zanu pa WhatsApp nayenso akuphwanya lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Ndipo choipa chikachitika, wina akakugwiririrani, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72. Kumeneko kuli mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndi mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi. Musachedwe ndi kudzifunsa kuti ndinavala chiyani, ndinapitiranji kumeneko. Wolakwa ndi iyeyo, osati inu.

Pali china chimene sichimanenedwa kawirikawiri: kusungulumwa. Mudzasowa kwanu. Mudzalephera mayeso ena koyamba m'moyo wanu, inu amene munkakhala nambala wani kuyambira Sitandade 1. Kumudzi akuimba foni, akukutchulani kale kuti adokotala, ena akupempha ndalama ya feteleza poganiza kuti mwayamba kulandira. Katundu ameneyu ndi wolemera. Mukaona kuti tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mwadzitsekera m'chipinda masiku angapo, uzani wina. Funsani kumene kuli alangizi pasukulupo. Kupempha thandizo si kufooka.

Kwa inu a chaka chachiwiri mpaka chomaliza amene muli pano, ntchito tikukupatsani ndi iyi: aliyense atenge mng'ono wake mmodzi. Musonyezeni kalasi, muuzeni njira zoyenera kupewa usiku, mufunseni ngati wadya. Kwa makolo, mukaimba foni musamangofunsa malikisi okha. Funsaninso kuti mwana wanga, ukugona pabwino?

Atsikana, musanatuluke m'chipinda muno, aliyense atenge nambala ya mnzake amene wakhala naye pafupi. Sabata yamawa muimbirane.