Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka: Za Pfungo la Madzi a Zonyansa

Madzi a zonyansa akaima nasowa mpweya wabwino, zoola ziri m'menemo zitulutsa pfungo longa la dzira lobvunda.

M'chaka cha 1858 mtsinje wa Thames ku London unanunkha kotero kuti ku Nyumba ya Malamulo ananyika nsaru za m'mazenera m'mankhwala, koma sizinathandize. Chimene chinathetsa bvutolo ndicho ngalande zazikuru zimene anamanga Joseph Bazalgette, zotengera zonyansazo kunja kwa mzinda.

Chotero mamembala asalimbane ndi kuphimba pfungo. Atsegule ngalande zotsekeka, abvundikire zimbudzi, ndipo madzi oipa asayandikire chitsime. Pfungo lingochenjeza; chopha ana ndi kolera, amene alowa ndi madzi akumwa odetsedwa.