TIYAMBE NDI ZIMENE TILI NAZO KALE

Akhristu anzathu, atsogoleri a Miphakati ndi a mabungwe a m'parishi,

Nthawi yokonza dongosolo la ntchito za chitukuko ikakwana, ambiri a ife timayamba ndi funso limodzi: kodi mavuto athu ndi otani? Mlembi amatenga cholembera, anthu nkuyamba kutchula. Tilibe mjigo. Tilibe feteleza. Mlatho unakokoloka. Denga la tchalitchi likudontha. Pofika madzulo pepala ladzaza, ndipo msonkhano umatha ndi mfundo imodzi yokha, yakuti tilembe kalata yopempha thandizo kwa Bambo Mfumu kapena ku dayosizi. Mavutowa ndi enieni, sitikukana. Koma gulu limene limawerenga zosowa zokhazokha chaka ndi chaka limafika pokhulupirira kuti silingachite kanthu mpaka galimoto ya bungwe itabwera. Thandizo likachedwa, komiti imafa.

Pali njira ina yokonzera dongosolo, yoyambira pa mphamvu za gulu. Mu 1987, David Cooperrider ndi Suresh Srivastva a ku yunivesite ya Case Western Reserve mu mzinda wa Cleveland ku America, anaonetsa kuti mafunso amene bungwe limadzifunsa ndi amene amaliumba. Mu 1993, John Kretzmann ndi John McKnight a ku yunivesite ya Northwestern anasindikiza buku lonena za madera osauka a m'mizinda ya dziko lomwelo. Iwo anati alendo amangoona zosowa za maderawa, pomwe kusintha kokhalitsa kumachokera ku luso la eni dera, timagulu tawo, ndi masukulu ndi mipingo yawo. Kwa ife Akatolika mfundoyi si yachilendo. Mu mutu 6 wa Uthenga Wabwino wa Marko, ophunzira anafuna kubalalitsa khamu la anthu anjala, koma Ambuye anawatuma kuti ayambe akaona chakudya chimene chinalipo. Anapeza mikate isanu ndi nsomba ziwiri.

Tsono pa msonkhano timachita bwanji? Funso loyamba likhale ili: ndi liti pamene gulu lathu linagwira ntchito bwino, mpaka tonse nkunyadira? Anthu akhale awiriawiri, wina afotokoze, wina amvetsere, kenaka asinthane. Tikatero, amayi ndi achinyamata amene amakhala chete pamaso pa akuluakulu amalankhula. Ngati Mphakati wina unaumba njerwa za sukulu, tisangoomba m'manja ayi. Tifunse kuti anamema anthu ndani, nkhuni zootchera zinachokera kuti, nanga chinachititsa nchiyani kuti anthu asathawe ntchito isanathe. Mwina tipeza kuti amfumu anaitanidwa poyambirira pomwe, kapena kuti msungichuma ankawerenga ndalama poyera Lamulungu lililonse. Zimenezo ndiye mphamvu zathu, ndipo tingathe kuzigwiritsanso ntchito.

Kenaka tiwerenge chuma chimene tili nacho. Sitikunena ndalama zokha. Kalipentala, mphunzitsi wopuma pantchito, mwini ngolo, mayi wodziwa kupanga manyowa, dambo limene siliuma m'chilimwe, zonsezi zilembedwe. Taganizani za banki m'khonde. Njirayi inayamba ndi magulu a amayi ku Niger mu 1991, mothandizidwa ndi bungwe la CARE, ndipo imayenda ndi ndalama zimene mamembala amasonkha okha. Miphakati yomweyi ndi chuma: kuyambira mu 1976, pamene maepiskopi a AMECEA anaiika patsogolo pa ntchito zonse za utumiki, tili ndi magulu amene amakumana kawirikawiri ndipo amadziwana nyumba ndi nyumba. Mabungwe ambiri amaononga ndalama zochuluka pofuna kukhazikitsa magulu otere.

Tikadziwa mphamvu zathu, tiyang'ane mwayi umene ulipo pafupi, monga mlangizi wa zaulimi kapena msika, ndipo tigwirizane chimene tikufuna kuona pakatha zaka zitatu. Apa mpamene makomiti ambiri amaterereka. Kunena kuti tikufuna kuthetsa njala si dongosolo. Dongosolo limatchula kuti mabanja angati adzalima dimba, mwezi uti, adzayang'anira ndani, ndipo tidzakumana tsiku liti kuti tione ngati zachitika. Thandizo lakunja tidzalipempha ndithu, koma pa chinthu chokhacho chimene sitingathe, monga simenti kapena malata, titaonetsa mbali yathu.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Mtsogoleri wina angagwiritse ntchito njirayi potseka anthu pakamwa, nkumati lero tikambe zabwino zokhazokha, za ndalama zosowa zija tisazitchule. Zimenezo tizikane. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino, ndipo inatchula poyera zolakwika pa nthawi imene anthu ankaopa kulankhula. Ufulu wofunsa ndi wa Mkhristu aliyense. Ngati buku la msungichuma silikumveka, liwerengedwe pa msonkhano womwewo, tisanayambe kukonza za mawa.

Tikupempha kuti mwezi uno Mphakati uliwonse upatule msonkhano umodzi wa ntchito imeneyi. Mlembi abweretse ku khonsolo ya parishi nkhani imodzi ya ntchito imene inayenda bwino, ndi maina a anthu aluso, atawapempha kaye chilolezo eni akewo.