Mabuku a Zikopa a m'Cipululu

Pa 2 Timoteo 4:13 Paulo ali m'ndende, masiku ace atsala pang'ono, ndipo cimene apempha kwa mwana wace ndico cobvala, mabuku ndi zikopa zolembedwa. Lero tilankhule za munthu wina amene anakonda zikopa zotere.

M'cipululu ca Wadi el-Natrun, ku Egypt, dziko limene Buku Lopatulika lilichula Aigupto, muli nyumba ya amonke yochedwa Deir al-Surian. Amonke ace akale anali Asuriya, opemphera m'Cisuriya, cinenero ca mtundu umodzi ndi cimene Ambuye wathu analankhula. Mkulu wao, Moses wa ku Nisibis, ananyamuka m'caka ca 927 kunka ku Baghdad kukadandaula kwa mfumu al-Muqtadir za msonkho umene unaikidwa pa amonke. Za msonkho ife tonse tizidziwa. Mlandu unamkomera, koma sanafulumire kubwerera. Anayendayenda m'Mesopotamia, kugula mabuku apa, kulandira ena aulere apo, ndipo m'caka ca 932 anafika kwao ndi mabuku 250.

Taganizani, aphunzitsi, inu amene mudziwa kulemera kwa bokosi limodzi la masileti. Masamba ace anali zikopa za nkhosa ndi mbuzi, ndi liu liri lonse lolembedwa ndi dzanja la munthu wotopa maso. Buku limodzi linatha zikopa za khola lonse.

Moses sanadziwe cimene anali kupulumutsa. Kumene anawatenga, nkhondo ndi cinyezi zinaononga mabuku osawerengeka. Koma m'cipululu mulibe mvula yoolesa cikopa. Pambuyo pace Asuriya anatha pa nyumbayo, natsala amonke a Cikoputi osawerenga Cisuriya, ndipo mabuku ambiri anaunjikidwa m'kacipinda ka pansi, pafupi ndi mosungira mafuta. Tisawadzudzule msanga anthuwo. Ngakhale sanawawerenge, sanawatenthe.

Ena anatengedwa kunka ku Rome m'caka ca 1707, ngalawa niigubuduka pa Nile, nawabvuula ali onyowa. Ocuruka anagulidwa ndi Henry Tattam ca m'ma 1840, ndipo lero ali ku British Library mu London. Ngati kunali koyenera kuwacotsa kwao, ife mtima wathu uli pawiri.

Mwa mabuku a nyumbayo muli limodzi la Genesis, Eksodo, Numeri ndi Deuteronomo, lolembedwa ku Amida ca m'ma 464, monga mlembi wace anaonetsa yekha. Mau ace ndi a Peshitta, ndiko kunena cophweka, Baibulo la mipingo ya Asuriya kufikira lero. Momwemonso William Cureton anazindikira masamba a Mauthenga Abwino otembenuzidwa kale koposa Peshitta, nawasindikiza m'caka ca 1858. Ndi mboni zotere akatswiri ayesa mau a Cihebri ndi Cihelene, amene Baibulo lathu linatembenuzidwa kucokera kwa iwo. M'mabuku ena mukali mau amene Moses analembetsamo, onena za ulendo wace wa ku Baghdad.