ZA KUBALANA KWA NDELE NDI ZOMERA ZINA ZOPANDA MBEU

Mwana ali yense wa kumudzi adziwa kuti cimanga sicibala ngati fumbi la ngaiyaye silinagwere pa ndevu zace. Koma akafunsidwa za ndele zomera pa miyala ndi pa makungwa a mitengo, asowa coyankha, pakuti pa izo sanaonepo duwa kapena mbeu. Ndele zonenedwa pano si zija zoterera za m'madzi ai, koma zija za timasamba tating'ono, zofewa monga bulangete.

Pa nsonga za timitengo ta ndele pali ziwalo za mitundu iwiri, zimene Johann Hedwig anazifotokoza m'caka ca 1782. Cacimuna, cochedwa antheridium, cili ngati kathumba, ndipo citulutsa timoyo tambirimbiri, kali konse ka timicira tiwiri. Cacikazi, cochedwa archegonium, cifanana ndi kabotolo ka khosi lalitali, ndipo pansi pace pagona dzira limodzi lokha. Fumbi la cimanga liuluka ndi mphepo, koma timoyo iti tiyenera kusambira. Mvula ikanyowetsa ndele, kathumba kang'ambika, madontho amwaza timoyoto, ndipo tisambira m'madzi okuta masamba kufikira kamodzi katatsikira m'khosi la kabotolo ndi kulumikizana ndi dzira. Ulendowo ngwaufupi ndithu, koma popanda madzi sutheka. Ofufuza a ku Sweden anaonetsa m'caka ca 2006 kuti tizilombo tina ta m'nthaka tithandiza kunyamula timoyoto.

Dzira lija silicoka pa mace. Likula pomwepo ndi kusanduka kaphesi kowonda ka cibulumwa kumutu, kamene kadya za mace monga mwana woyamwa. M'cibulumwamo mudzaza fumbi lochedwa spores. Apa ndi pamene ana ambiri asokera, ndipo nthawi zina ndi mphunzitsi yemwe, nalicha fumbilo mbeu. Mbeu ili ndi kamwana ka comera m'kati pamodzi ndi kamba wace; spore ndi selo limodzi cabe. Likagwa pa cinyezi limera timaulusi tobiriwira, ndipo pa timaulusito paphuka ndele zatsopano za masamba. Cotero mibadwo iwiri yosafanana isinthana: wa masamba ubala wa kaphesi, wa kaphesi ubala wa masamba. Wilhelm Hofmeister wa ku Germany ndiye anaulula cinsinsi ici m'caka ca 1851.

Zomera za m'zigwa ndi pa mathithi zochedwa ferns zitsata njira yomweyo, koma mwa izo comera cacikulu ndico cibala spores, m'timadontho tofiirira kunsi kwa tsamba. Ziwalo zacimuna ndi zacikazi zili pa katsamba kapadera kooneka ngati mtima, kosaposa cikhadabo, komata pa dothi lonyowa.

Phunziro ili silikoma pa bolodi m'mwezi wa October, ndele zili zouma. Mphunzitsi alisungire January kapena February, naturutse ana kukafuna ndele pamene panayaka moto kale, pakuti mtundu wochedwa Funaria ukonda phulusa. Ana ayang'ane cibulumwa cokhwima ndi galasi lokuza zinthu: pakamwa pace pali timano 16 ta kunja, timene titsekera fumbi m'kati pa nthawi ya cinyezi, ndi kulitsegulira njira kukauma.